Madontho Anga, Diso la Mayi Claudia

Lolemba, 8 Julaye 2019

Andigoneka. Ndinabwera ndi chitenje chimodzi poganiza kuti andipatsa mankhwala n'kubwerera ku esiteti madzulo omwewo, koma adokotala a maso, bambo Wilson, atangondiunika anapukusa mutu n'kuuza nesi kuti andipezere bedi. Kope ili ndi la mwana wanga Sheila. Ndizilembamo zimene akundichita, chifukwa bambo ake akabwera amafunsa ngati apolisi ndipo ine ndimaiwala.

Diso ndi lakumanzere. Nthambi ya tiyi inandikwapula masabata awiri apitawo ndikutola zinyatsi zimene amuna amasiya akadulira. Sindinazitenge ngati kanthu. Pano pakati pa diso pali kachilonda koyera ngati njere ya mpunga, misozi ikungotsika, ndipo kuwala kukundibaya mpaka m'mutu.

Bambo Wilson anafunsa ngati ndathiramo zakumudzi. Ndinawauza kuti ine Eneles Namaona ndinafika Fomu 2, si wa zimenezo. Anzanga kumalayini a pa esiteti anabwera ndi nzeru zawo, uyu mkaka wa m'mawere, uyu madzi a shuga, uyu masamba a tomato, ndipo onse ndinawabweza. Anati, "Mwachita bwino, mayi. Ambiri amafika kuno atadziphera okha diso." Ndamva kukoma, ndisabise.

Lachiwiri, 9 Julaye

Andipala diso. Anathira dontho lochititsa dzanzi, ndinaika chibwano pa makina, bambo Wilson n'kupala pachilondapo ndi kachitsulo. Sindinamve kuwawa, koma zala zakuphazi ndinazipinda zonse. Masana anabwera ndi yankho. Akuti m'chilondamo mwamera chuku, ngati chija chimagwira chimanga chosungidwa chisanaume. Chuku m'diso la munthu wosamba tsiku ndi tsiku!

Kenako kunabwera sisitala Millie, nesi wa kafukufuku. Ndi mtsikana wamfupi wa magalasi, amayankhula pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa Sande sukulu. Akuti matenda angawa amagwira kwambiri anthu a m'minda ndipo maso ambiri amafa nawo, ndiye akuyesa madontho a mitundu iwiri kuti adziwe ochiritsa bwino ndi ati. Onse ndi mankhwala enieni. Amene ndilandire ine yasankha ndi kompyuta. Iyeyo sakudziwa kuti ndi ati, bambo Wilson sakudziwanso. Ndinafunsa kuti, "Nanga akudziwa ndani?" Anaseka. "Munthu wina ku Blantyre amene sadzakuonani n'komwe." Ndasaina.

Botolo langa ndi loyera, lopanda dzina, pangolembedwa 41. Dontho limodzi ola lililonse, usana ndi usiku kwa masiku awiri, kenako usana wokha. Malamulo: kusamba m'manja, kamwa ya botolo isakhudze diso, botolo ndi langa ndekha. Wandibwerezetsa ngati mwana wa Sitandade 1, ndipo ndatsala pang'ono kumuuza kuti ndili ndi mwana wamsinkhu wake.

Chilonda: mamilimita 4. Pa bolodi la zilembo sindinaone ngakhale chachikulu chapamwamba chija.

Lachitatu, 10 Julaye

Tulo palibe. Ukangoti ugone, nesi wafika ndi tochi. Kunja chiperoni, phiri silikuoneka.

Kuona ndi diso limodzi n'kwachilendo. Ndathira tiyi pambali pa kapu, ndili chiyang'anire. Sisitala Millie akuti maso awiri ndi amene amauza munthu kuti chinthu chili patali bwanji.

Bambo a Sheila anabwera pa njinga ndi mbatata zitatu. Ntchito yawo ya ulonda siwalola kukhala, Sheila ali ndi mayeso, ndiye ndilibe gadiyani. Ndidya za chipatala.

Lachinayi, 11 Julaye

Wodi yadzaza. Mawa kukubwera dokotala wa opaleshoni kudzachotsa anthu ng'ala, ndipo azimayi afika kuchokera ku Nkando, ku Likhubula, kulikonse, aliyense atagwira ndodo kapena phewa la mdzukulu. Ife a zilonda anatiika kumapeto, iwowo kufupi ndi zenera. Koma mayi wina wakana kugona kumeneko, akuti mphepo ikumulowa m'mafupa, ndipo wasamukira yekha pa bedi loyandikana ndi langa. Anesi akalipa akalipa, basi amusiya.

Ndi mayi Claudia a ku Muloza, ogulitsa zitenje. Anabwera ali mtsikana kuthawa nkhondo ku Milange, ndipo diso lakumanja linafa ndi chikuku kukampu. Lakumanzere lawatumikira zaka zonsezi mpaka ng'ala inalitseka chaka chatha. Pakamwa ndiye sipanatsekeke. Asanakhale n'komwe anali atandifunsa kale dzina, mpingo, ndi chifukwa chimene ndikununkhira sopo wa chipatala. Akunditchula kuti mana, kwawoko ndiye kuti mchemwali.

"Mana, gadiyani wanu ali kuti?"

Ndinawauza kuti ndilibe.

"Jenifer! Mbale zikhale ziwiri. Munthu angadye nyemba zamadzi izi ife tili pompano?"

Jenifer ndi mwana wawo, ali ndi khanda kumbuyo. Madzulo anabwera ndi makaka ndi nandolo wotendera. Ndinati ndikane mwaulemu, koma dzanja linali litafika kale m'mbale.

Lachisanu, 12 Julaye

Mayi Claudia alowa opaleshoni m'mawa, abwera ndi bandeji, akudandaula kuti dokotala sanawayankhe moni. Bambo Wilson akuti poti diso ndi limodzi lomwelo awasunga sabata yathunthu, sakufuna kuti akapite kufumbi la pamsika.

Ine: chilonda chikadali mamilimita 4, koma sichinakule. Ajambula diso. Madontho tsopano ndi usana wokha ndipo ndikudzithira ndekha. Sisitala Millie amayeza botolo langa pa kasikelo kakang'ono Lolemba ndi Lachinayi kuti aone ngati ndikuthiradi. Ndinamufunsa ngati kwawo amayezanso mchere. Sanaseke.

Jenifer wandichapira chitenje. Sindinamutume.

Loweruka, 13 Julaye

Lero ndaseka mpaka diso kupweteka. Bambo Wilson atachotsa bandeji, mayi Claudia anaphethira, kuyang'ana denga, kuyang'ana manja awo, kenako n'kuyang'ana nsalu imene avala. Inali ya chipani, ya kampeni yapitayi, nkhope ya munthu ili pabondo.

"Jenifer! Ine wogulitsa zitenje, chaka chonse umandiveka zimenezi? Ndi kutchalitchi komwe?"

Jenifer anati zinali zaulere. Wodi yonse inagwa ndi phwete. Kenako mayi Claudia anapempha kuti awapatse mdzukulu wawo uja, amene anabadwa iwo atasiya kale kuona. Anamuyang'ana nthawi yaitali osayankhula, chinthu chimene sindinaganize kuti angathe. Atatembenukira kwa ine anati, "Iii, mana, mawu anu ndi a munthu wonenepa. Kani ndinu kabango chonchi? Jenifer, uziwonjezera."

Masana anawerenga bolodi mpaka mzere wachinayi. Apatsidwa botolo lawo, dontho kanayi patsiku. Akuti akatuluka akaoda zitenje zatsopano ku Milange, zosankha okha ndi diso lawo.

Lamulungu, 14 Julaye

Anesi ndi ochepa lero. Sisitala Millie sabwera Lamulungu.

Mayi Claudia akuti diso likuyabwa ngati muli mchenga. Nesi anawauza kuti ndi mmene zimakhalira opaleshoni ikangochitika, adikire dontho la masana. Sanakhutire. Amandiyang'ana ine ndikuthira anga ola lililonse, ndipo cha m'ma 10 anati, "Mana, anuwo ndiye mankhwala. Angawa kanayi kokha, ngati chakudya cha kundende. Anu ndi a kafukufuku, amphamvu. Tandidonthezeraniko kamodzi."

Ndinawauza kuti anandiletsa.

"Amaletsa kuti asathe msanga. Kadontho kamodzi angakaone?"

Mbale yawo ya phala inali pamiyendo panga. Kuyambira Lachinayi ndadya zawo, ndafunda bulangete lawo, mwana wawo wandichapira ndi kunditungira madzi osamba. Ine ndawapatsa chiyani? Ngakhale nthochi imodzi ndilibe. M'wodi muno timabwerekana chilichonse, sopo, supuni, mafuta odzola, foni. Wokana amatchedwa dzina mpaka tsiku lotuluka. Ndinaganiza kuti mankhwala a chipatala ndi a chipatala basi, si masamba a tomato.

Ndinasamba m'manja, zimenezo ndinakumbukira. Koma poti ndikuona ndi diso limodzi, ndimayesa botolo likadali patali pamene lafika kale. Anadzidzimuka n'kuti, "Mwandigunda!" Tinaseka. Akuti kuyabwa kwaleka. Ndawathira kanayi kapena kasanu mpaka madzulo.

Lolemba, 15 Julaye

Chilonda: mamilimita 3. Ndaona chilembo chachikulu chija! Bambo Wilson akuti mankhwala agwirizana nane.

Sisitala Millie atayeza botolo anakweza nsidze. "Mayi Namaona, latsika kuposa mmene liyenera." Ndinamuuza kuti ndimaphonya, ena amagwera patsaya. Anandikhulupirira, n'kundionetsanso kagwiridwe kake. Bodzalo linatuluka mosavuta moti ndinadzidabwa.

Mayi Claudia ndawathira katatu, nesi akatuluka. Akunditchula kuti dokotala wawo. Jenifer sakudziwa, amakhala kukhitchini ya magadiyani. Madzulo anabwera ndi kalongonda, woyamba kudya chaka chino.

Lachiwiri, 16 Julaye

Sindinawathire lero. Sanapemphe, akuti diso likulemera ndipo akufuna kungogona. Sanatukwane phala. Sanafunse za mwamuna wa aliyense.

Anzawo a ng'ala atuluka onse, akuimba.

Lachitatu, 17 Julaye

Diso la mayi Claudia latupa. Ndi lofiira, chikope chalemera, ndipo akuti zinthu akuziona ngati mu utsi. Bambo Wilson anawatengera ku makina, n'kubwera nawo nkhope itasintha. Akuti tizilombo talowa m'kati mwa diso, pansi pake pasonkhana mafinya. Anakhala pamphepete pa bedi n'kufunsa mofatsa.

"Amayi, mwaligwira ndi manja? Mwasamba kumaso? Pali chilichonse chimene chalowa m'disoli kupatula botolo limene ndinakupatsani? Musaope, sindikukalipirani. Ndikufuna ndidziwe chimene ndikulimbana nacho."

Ine ndinali pa bedi langa, kope ili lili m'manja. Mayi Claudia sanandiyang'ane n'komwe. Anati, "Palibe, adokotala."

Bambo Wilson anatembenukira kwa Jenifer, Jenifer analumbira kuti sanabweretse kanthu kakumudzi. Ine sanandifunse. Akanandifunsa bwanji, ndine mayi wa Fomu 2 uja.

Atachoka, mayi Claudia ananong'ona, "Mana, musatsegule pakamwa. Angakuchotseni pa mankhwala anu. Izi zipola."

Awabaya jekeseni m'diso mwenimwenimo. Madontho atsopano ola lililonse.

Bambo a Sheila anabwera madzulo, ndinawatengera pakhonde n'kuwauza zonse. Anagwira pakamwa. "Amake Sheila, mwachita chiyani? Ndiye mukanena, botolo lanulo akulandani. Diso lanu likafa, tiyi muzikathyola bwanji? Mwiniwake wakuuzani kuti mukhale chete. Musadziputire." Ndinayembekeza kuti anena zimenezo. Mwina n'chifukwa chake ndinauza iwowo osati sisitala Millie.

Lachinayi, 18 Julaye

Chilonda changa: mamilimita 2 ndi theka. Mizere iwiri pa bolodi. Sisitala Millie wakondwa, akuti ndine mmodzi mwa anthu osamala kwambiri pa kafukufuku yense.

Mayi Claudia sakudya. Akuti mutu ukung'ambika mbali yonse. Bambo Wilson akagwedeza dzanja pamaso pawo, akuona mthunzi wokha.

Ndinanyamuka kawiri kupita ku ofesi ya sisitala Millie kuti ndikaulule. Koyamba ndinapeza muli munthu, ndinathokoza Mulungu n'kubwerera. Kachiwiri anali yekha, ndinafika pakhomo n'kupempha thonje.

Ndikudziuza kuti mwina si botolo langa. Nesi wina wanena kuti zoterezi zimachitika apo ndi apo, ngakhale munthu atasamala bwanji. Ndagwira mawu amenewo tsiku lonse, koma sakundigwira ine.

Jenifer wandibweretsera chakudya, maso ali otupa ndi kulira. "Anti, idyani inu, amayi akana." Ndadya. Mulungu andikhululukire, ndadya.

Lachisanu, 19 Julaye

Ndanena.

M'mawa bambo Wilson anayatsa tochi pamaso pa mayi Claudia n'kufunsa kuti kuwala kukuchokera mbali iti. Analoza kolakwika. Ndinawamva akuuza nesi kuti sakumvetsa, jekeseni ija imayenera kukhala itayamba kugwira. Jenifer anayamba kukuwa kuti dokotala wa opaleshoni uja wawapha mayi ake diso, ndipo magadiyani ena anamuvomereza.

Nthawi yanga yojambulitsa diso itakwana, ndinaika chibwano pa makina, sisitala Millie anati ndiyang'ane kutsogolo. Ndinayankhula chibwano chili pomwepo, chifukwa ndikanadzuka sindikanatha.

"Sisitala, mayi Claudia ndinawathira madontho anga."

Anasuzumira kumbali kwa makina. "Mwati bwanji?"

Ndinabwereza. Anavula magalasi. Sanakuwe, ndipo ndikanakonda akanakuwa. Anangofunsa: liti, kangati, kamwa ya botolo inakhudza diso lawo, nanga langa limakhudza? Ndinati lawo inakhudza kamodzi kapena kawiri. Langa, pafupifupi tsiku lililonse. Anatenga botolo ndi pepala, osati ndi dzanja, n'kutuluka akuthamanga. Sindinamuonepo akuthamanga.

Bambo Wilson anandiitana patapita kanthawi. Anati, "Sindingalumbire kuti ndi botolo lanu. Koma ngati chuku chanu chalowa m'diso longochekedwa kumene, jekeseni imene ndakhala ndikubaya siichita kanthu. Imapha tizilombo tina. Ya chuku ndi ina, ndipo ili ku Blantyre." Kenako anati, "Lachitatu lija munali pomwepo, mayi."

Ndinati eya.

"Ndikanawatumiza Lachitatu."



Ambulansi inanyamuka cha m'ma 2. Jenifer anali atamva. Analongedza katundu osandiyang'ana, n'kubwera pa bedi langa, kutenga mbale yawo ndi bulangete lawo, kulipinda bwinobwino pamaso panga. Mayi Claudia anatuluka pa njinga ya odwala atafunda chitenje kumutu. Podutsa anatambasula dzanja kufufuza bedi langa, koma woyendetsa sanaime.

Madzulo sisitala Millie anabwera ndi botolo latsopano. Palembedwa 41. Ndinafunsa ngati sakundichotsa. Anadabwa. "Kukuchotsani? Ayi. Tilemba zimene zachitika, tiuza akuluakulu, basi. Ngakhale mukanatuluka m'kafukufuku, mankhwala mukanalandirabe. Zinali m'pepala lija ndinakuwerengerani." Anandiwerengeradi. Ine ndinkaganiza za mmene ndisainire mokongola.

Ndiye masiku awiri aja ndinkateteza chinthu chimene panalibe wofuna kundilanda.

Loweruka, 20 Julaye

Pa bedi paja agonekapo mayi wina. Sindinamufunse dzina.

Nkhani yafala. Ndikadutsa, azimayi amabisa mabotolo awo pansi pa pilo. Wina wandibwezera supuni imene ndinamubwereka, atagwira ndi nsonga ya chitenje.

Lamulungu, 21 Julaye

A mpingo anabwera kudzapemphera ndi odwala. Sindinadzuke.

Lolemba, 22 Julaye

Chilonda: milimita imodzi ndi theka. Mizere itatu. Madontho maola awiri alionse.

Sisitala Millie akuti botolo lakale lija analitumiza kukayezedwa, ndipo pakamwa pake apezapo chuku. Za m'diso la mayi Claudia yankho silinabwere. Ndinafunsa kuti ali bwanji. Anati awabaya mankhwala oyenera Lachisanu lomwelo, madokotala akuyesetsa. Ndinafunsa ngati akuona kuwala. Anayamba kukonza mapepala.

Asanatuluke anandiuza kuti kafukufuku wasintha kachitidwe. Kuyambira lero botolo silizikhalanso ndi wodwala, lizikhala ndi nesi. Ndipo anthu onse a m'wodi aziwafotokozera chifukwa chake, osati kungowapatsa lamulo. Anati, "Ifenso tinakuuzani kuti ndi lanu nokha, koma sitinakuuzeni kuti lingavulaze mnzanu." Ndikudziwa kuti amafuna kundipeputsira. Za Lamulungu ndi Lolemba mwina tingagawane. Za Lachitatu ndi Lachinayi ndi zanga ndekha.

Lachitatu, 24 Julaye

Bambo a Sheila abwera ndi Sheila. Akuti ndaonda. Akuti ndisamadziimbe mlandu, mayi uja anachita kupempha yekha, ndipo ndi munthu wamkulu. Ndinawauza kuti akapitiriza ndiwaponyera kapu. Sheila anandipesa tsitsi.

Chiperoni chatha. Ndinatseka diso labwino ndi dzanja n'kuyang'ana pazenera ndi lodwala lija. Phiri ndaliona, ndi mathithi omwe. Ndinachotsa dzanja msanga.

Lachisanu, 26 Julaye

Yankho labwera. Chuku cha m'diso la mayi Claudia ndi mtundu womwewo ndi changa.

Bambo Wilson anandiuza okha, ataima. Matenda anali atadya m'kati monse ndipo ululu sunkawagonetsa. Dzulo diso analichotsa.

Chilonda changa chatsala kadontho. Patsala chipsera, koma n'chopyapyala, sichitseka njira ya kuwala. Akuti ndine wamwayi.

Lamulungu, 28 Julaye

Sindinalembe dzulo. Ndinalibe choti ndilembe.

Ndakhala ndikukonza mawu oti ndikanene ku Muloza ndikatuluka. Ndikawakonza amamveka ngati a munthu wofuna kuuzidwa kuti palibe kanthu.

Lolemba, 29 Julaye

Chilonda chatseka. Mizere isanu. Madontho kanayi patsiku kwa masabata awiri, kubwera kudzajambulitsa pakatha mwezi. Anditulutsa mawa.

Ku Muloza sindipitanso kukawafuna mayi Claudia, abwera okha. Ambulansi yochokera ku Blantyre inawatsitsa pano masana kuti bambo Wilson aone bala asanapite kwawo. Ndinali pa bedi pamene Jenifer analowa. Anaima patali n'kuti, "Amayi akukufunani pakhonde." Kunditchula anti kuja kwatha.

Anakhala pa benchi padzuwa, bandeji kumanzere, diso lakufa lija kumanja. Avala chitenje chabwino cha maluwa obiriwira. Aonda. Ndinagwada pansi n'kuwapatsa moni, mawu onse ndinakonza aja anathawa.

"Mana, ndinu? Khalani apa, musagwade, simenti ikuzizira."

Ndinakhala. Anafufuza dzanja langa n'kuligwira.

"Diso lanu?"

"Lapola, amayi."

"Likuona?"

"Likuona."

Anagwedeza mutu. Ndinayamba kupepesa, ndikulira, ndipo anandidula.

"Za madontho zisiyeni. Ndinapempha ndine, ndi pakamwa pangapa. Ngakhale Jenifer ndamuuza. Munandipatsa chimene munali nacho. Koma kuchipatala kuja ndinali ndi nthawi yambiri yoganiza, mana. Dokotala wa kumeneko anati ndikanafika masiku awiri m'mbuyo, mwina akanapulumutsa kakuwala, koti ndizidziwa kuti kwacha. Mwina, sanalonjeze. Ndiye ndakhala ndikuwerenga masiku awiri aja. Ine ndinakhala chete, inunso munakhala chete."

"Eya, amayi."

"Ine sindinkadziwa kuti botolo lingatenge matenda. Ndinkangoopa kuti akulandani mankhwala. Ndinkabisa chifukwa cha inu." Sanakweze mawu, ndipo dzanja langa sanalisiye. "Nanga inu, mana, munkabisa chifukwa cha ndani?"

Anadikira. Anadikiradi, mutu ataupendeketsa kuti amve bwino. Khanda linalira kumbuyo kwa Jenifer, ndipo Jenifer anati minibasi za ku Muloza zitha. Mayi Claudia anandisiya dzanja, kuimirira, kugwira phewa la mwana wawo.

Sindinayankhe, koma yankho ndinali nalo. Linali pankhope pangapa, diso lopola, likuwaona bwinobwino mpaka anakhota pageti.